Mutu m'makina: zimene zimachitika akamakuunikani ubongo

Adokotala atalemba m'buku langa la kuchipatala kuti ndikaunikidwe mutu pa MRI, ndinayankha kuti "zikomo adokotala" ngati ndamva zonse, chonsecho sindinatolepo kanthu. Mutu unali utandivuta miyezi itatu. Unkandidzutsa m'bandakucha, ndipo kawiri konse diso lakumanzere linachita chidima kwa kanthawi. Kunyumba aliyense anali ndi zake zonena. Wina anati makinawo amawotcha ubongo, wina anati olowamo amatuluka atayamba kuiwalaiwala, ndipo azakhali anga anandikokera pambali n'kundifunsa monong'ona ngati n'zoona kuti makinawo amaona ngakhale zimene munthu akuganiza. Usiku woti mawa ndikupita, tulo sindinatione. Mantha onsewo akanatha pakanapezeka munthu wokhala nane pansi mphindi 10 zokha n'kundifotokozera, ndipo n'chifukwa chake ndikulemba izi.

Ife timangoti "sikani", koma m'dzina limeneli muli zinthu ziwiri zosiyana kwambiri, CT ndi MRI. Ndinazidziwa zonse ziwiri, yoyambayo ndili gadiyani wa amayi anga, yachiwiriyo nditagona ndekha pakabedi.

Vuto la ubongo n'lakuti uli m'chibade. Ekisile wamba, amene amaonetsa bwino fupa lothyoka kapena mapapo, akafika pamutu amangoonetsa chibadecho, ngati munthu woona mphika koma osaona zili m'kati. Kwa zaka zambiri madokotala ankavutika nazo koopsa. Cha m'ma 1918 ndi 1919, dokotala wa opaleshoni wa ku America, Walter Dandy, anayambitsa njira yochotsa ena mwa madzi ozungulira ubongo n'kulowetsamo mpweya kuti ekisile ione malire a ubongo. Odwala ankamva mutu wosasimbika, n'kumasanza, ena kwa masiku angapo, ndipo njira imeneyi inagwirabe ntchito kwa zaka zoposa 50. Ndikaganiza za anthu amenewo ndimaona kuti ife a masiku ano tili ndi mwayi waukulu.

Zinthu zinasintha pa 1 Okutobala 1971, pa chipatala cha Atkinson Morley ku Wimbledon, mu London. Kumeneko mayi wina amene ankaganiziridwa kuti ali ndi chotupa m'mutu anakhala wodwala woyamba kujambulidwa ndi makina a CT, opangidwa ndi Godfrey Hounsfield, injiniya wa kampani ya EMI. Chotupacho chinaoneka, mutu usanang'ambidwe. Masamu a njira imeneyi anali ataganiziridwa kale ndi Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg, amene maganizowa anamufikira ali pa ntchito pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1979. Nzeru yake ndi iyi: m'malo mowomba ekisile kamodzi kuchokera mbali imodzi, makina amazungulira mutu wonse akuwomba timizere ta ekisile kuchokera mbali zonse, kenaka kompyuta imawerengera n'kupanga zithunzi za m'kati magawomagawo, ngati mmene timadulira nkhaka kuyambira kumutu mpaka kumchira.

Amayi anga anadzuka m'mawa wina kukamwa kutapotoka, kapu ya tiyi ikupulumuka m'dzanja lamanja. Titafika kuchipatala china chachikulu, adokotala ananena kuti ndi sitiroko ndipo pakufunika CT mwamsanga. Ine ndinadabwa. Ngati matenda awadziwa kale, sikani ndi yachiyaninso? Yankho lake ndinalimvetsa pambuyo pake, ndipo ndi lofunika kuti aliyense alidziwe. Sitiroko ili mitundu iwiri imene kunja imaoneka chimodzimodzi. Wina umabwera mtsempha wa magazi wa mu ubongo ukatsekeka, wina umabwera mtsempha ukaphulika magazi n'kukhuthukira m'kati. Mankhwala othandiza pa mtsempha wotsekeka ndi osungunula kapena ochepetsa kuundana kwa magazi, ndipo mankhwala omwewo akaperekedwa kwa munthu amene mtsempha waphulika amawonjezera kukha magaziko, mwina mpaka kumupha. Palibe dokotala, ngakhale waluso bwanji, amene angasiyanitse ziwirizi motsimikiza pongoyang'ana wodwala. Koma pa CT magazi okhuthuka kumene amaoneka oyera mbuu, osabisika. Ndiponso mankhwala osungunula magazi oundana amagwira ntchito akaperekedwa pasanathe maola anayi ndi theka chiyambireni zizindikiro. Ichi n'chifukwa chake munthu wopotoka kukamwa kapena wofa mbali imodzi sayenera kugonekedwa panyumba kuti tione mawa, kapena kupatsidwa asipulini mongoganizira. Chimodzimodzinso wa ngozi ya kabaza amene wamenyetsa mutu, n'kudzuka akuyankhula bwinobwino, kenaka n'kuyamba kusanza ndi kuwodzera. Nthawi zina magazi amakhala akusonkhana pang'onopang'ono pansi pa chibade, ndipo CT imawaona m'mphindi zochepa.

Kwa wodwala, CT si yovuta. Makina ake ali ngati tayala lalikulu loimika, lotseguka kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo mutu wokha ndi umene umalowa. Kujambula kwenikweniko sikutha ngakhale mphindi imodzi pa makina amakono. Nthawi yambiri imathera pa kugoneka munthu bwino ndi kumumanga kalamba pamphumi. Amayi anatuluka akufunsa kuti, "Kodi ayamba kale?"

Patapita masiku anawajambulanso, ulendo uno atawabaya mankhwala oonetsa mitsempha, amene anthu amangowatcha utoto. Mankhwalawa amakhala ndi ayodini ndipo amalowera pa kanyula wa pamkono. Akangolowa thupi limamva kutentha kuchokera kukhosi kutsikira kumunsi, m'kamwa mumamveka ngati mwanyambita chitsulo, ndipo anthu ambiri amamva ngati adzikodzera. Amayi sanauzidwe zimenezi. Ndinawapeza atagwira chitenje mwamphamvu, maso ali pansi, n'kundinong'oneza kuti, "Mwanangu, ndachita zamanyazi pamaso pa ana." Nsalu inali youma gwa. Kumva kumeneku kumatha pasanathe mphindi ziwiri, koma kwa mayi wachikulire manyazi amenewo ndi olemera, ndipo chiganizo chimodzi chokha chochokera kwa namwino chikanawapewetsa. Utotowu umatuluka kudzera mu impso, n'chifukwa chake amayamba ayeza magazi kwa anthu a shuga, a BP ndi a matenda a impso, ndipo amafunsa ngati munthu anatupapo kapena kubanika atabayidwa mankhwala otere.

Nanga zowotcha ubongo zija? CT imagwiritsadi ntchito mphamvu ya ekisile, ndipo sikani imodzi ya mutu imapereka pafupifupi mamilisiveti awiri (milisiveti ndi muyezo wa mphamvu yotereyi imene thupi lalandira). Mlingo umenewu ndi wofanana ndi umene munthu aliyense amalandira mwachilengedwe kuchokera m'nthaka, mu mpweya ndi kumlengalenga pa miyezi pafupifupi 8. Suwotcha, sumveka, ndipo suiwalitsa. Komabe si chinthu chopanga mwachisawawa, makamaka kwa ana, amene matupi awo akukula, ndipo mayi woyembekezera kapena wokayikira kuti ali ndi pakati ayenera kunena asanagone pakabedi.

MRI ndi nkhani ina. Mulibe ekisile ngakhale pang'ono. Muli maginito.

Tsiku langa litafika, chinthu choyamba sichinali makina koma pepala la mafunso. Wojambulayo, mnyamata waulemu, anakhala nane pabenchi n'kumafunsa limodzilimodzi. "Bambo, munachitidwapo opaleshoni? Muli ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda? Munagwirapo ntchito yowotcherera kapena yopala zitsulo? Munalasidwapo ndi chipolopolo?" Atamaliza anabwereza ena mwa mafunso omwewo pakhomo la chipinda. Kubwerezaku kuli ndi chifukwa. Maginito a MRI amayezedwa ndi mlingo wotchedwa tesla, ndipo makina ofala m'zipatala zambiri ndi a 1.5 kapena 3. Maginito a 1.5 amaposa mphamvu ya maginito a dziko lapansi, amene amatembenuza kampasi, maulendo pafupifupi 30,000. Mawaya ake amazizidwa ndi heliyamu wamadzi mpaka madigiri 269 kunsi kwa ziro, ndipo akafika pamenepo magetsi amangozungulira osaima. Tanthauzo lake n'lakuti maginitowa sazimitsidwa. Usiku, pa Sabata, ngakhale m'chipindamo mulibe munthu, amakhala akukoka. Mu 2001, m'chigawo cha New York ku America, mwana wa zaka 6 anamwalira silinda ya okosijeni yachitsulo italowetsedwa m'chipinda cha MRI n'kuulukira m'makina mmene iye anagona.

Choncho pa mafunso amenewa musabise kanthu. Kachitsulo kakang'ono ngati mchenga kamene kanalowa m'diso la wowotcherera zaka 10 zapitazo kangasunthe n'kuwononga disolo, ndipo akakayika amayamba ajambula ekisile ya maso. Zitsulo zambiri zamakono zolumikizira mafupa komanso zomata mano sizivuta, koma woganiza ngati zili bwino ndi wojambulayo, osati inu. Amayi a lupu anene. Ndolo, zipini za m'tsitsi, wigi yokhala ndi tizitsulo, kamisolo ya waya, lamba, makiyi, foni ndi khadi la kubanki, zonsezi zimatsala panja. Ndipo pali china chimene ambiri amachita nacho manyazi: chithumwa kapena kachingwe ka m'chiuno kamene munthu wavala kwa zaka ndipo sakudziwa bwino zimene zinasokeredwamo. Ogwira ntchito m'chipinda chimenechi sali pamenepo kuti aweruze chikhulupiriro cha munthu. Auzeni, muvule, mudzavalanso mukatuluka.

Ndinavala gauni ya chipatala n'kugona chagada pakabedi kopapatiza. Anandipatsa zotsekera m'makutu, anaika timapilo mbali zonse za mutu, kenaka anatsitsa chinthu chonga kakhola ka pulasitiki n'kuchitseka pankhope panga. Chimenechi ndi chimene chimaopsa anthu ambiri, koma ntchito yake ndi yofanana ndi ya eriyo ya wailesi: chimamvetsera. M'dzanja anandipatsa kampira. "Mukafinya aka, bambo, ndiimitsa nthawi yomweyo. Ndikukuonani pagalasi apo, ndipo ndizikuyankhulani." Bedi linayamba kutsetsereka.

Mphako ya MRI ndi yotakata masentimita 60 kapena 70, ndipo poti akujambula mutu, mutuwo ndi umene umakakhala pakati penipeni. Denga lake limakhala pafupi ndi mphuno. Ndinalakwitsa potsegula maso ndikulowa. Mtima unathamanga, m'manja munachita thukuta, ndipo maganizo a bokosi la maliro anandibwerera osawaitana. Sindichita manyazi kunena zimenezi chifukwa zimagwira anthu ambiri, amuna ndi akazi, olimba mtima ndi amantha omwe. Chimene chinandithandiza ndi kukumbukira kuti mphakoyo ndi yotseguka kumutu ndi kumiyendo, kuti kamphepo kankawomba pankhope panga, ndiponso kuti kampira kanali m'dzanja langa. Ndinatseka maso n'kuyamba kuimba chamumtima nyimbo ya kutchalitchi imene ndimaidziwa mavesi onse. Amene akudziwa kale kuti malo opanikizika amamubanikitsa anene tsiku lolembetsa, chifukwa pali mankhwala okhazika mtima pansi amene dokotala angapereke. Ana aang'ono ndi odwala osokonezeka nthawi zambiri amawagoneka ndi mankhwala.

Kenaka phokoso. Palibe amene anandikonzekeretsa mokwanira. Limayamba ngati munthu akugogoda chitseko, kenaka limasanduka chigayo, kenaka ngati akukhoma malata padenga, n'kungoti zii, n'kuyambanso lina losiyana. Pa muyezo wa kukula kwa phokoso limatha kupitirira madesibelo 100, n'chifukwa chake zotsekera m'makutu si zokongoletsa. Munthu wosadziwa amaganiza kuti makina awonongeka ali m'kati, pamene phokosolo ndiye chizindikiro chakuti akugwira ntchito. M'kati mwa maginito aakulu aja muli mawaya ena amene magetsi ake amayatsidwa ndi kuzimitsidwa mofulumira kwambiri kuti makina adziwe malo enieni amene chizindikiro chilichonse chikuchokera, ndipo mawayawa amanjenjemera n'kumagunda pamene anamangiriridwa.

Chimene makinawa akumvetsera ndi madzi. Pafupifupi magawo atatu mwa anayi a ubongo ndi madzi, ndipo m'madzi muli tinthu ting'onoting'ono ta haidirojeni timene timachita ngati timaginito. Mwachizolowezi timaloza kulikonse. Munthu akalowa m'maginito aakulu, tina mwa ito timafola mbali imodzi. Makina amatumiza mafunde a wailesi amene amatikankha kuchoka pamzerepo, ndipo mafundewo akaleka, timabwerera tikutulutsa kamawu kake kamene kakhola kaja kamatola. Mayi akamagula mphika wadothi pamsika amaugogoda ndi chala n'kumvetsera, ndipo kulira kwake kumamuuza ngati uli ndi mng'alu wosaoneka. MRI ikuchita zomwezo. Madzi a mu ubongo wabwino, a m'chotupa, a pamalo potupa ndi a pachipsera chakale amabwerera pa liwiro losiyana, ndipo kompyuta imasandutsa kusiyanako kukhala chithunzi. Paul Lauterbur wa ku America ndi Peter Mansfield wa ku Britain analandira mphoto ya Nobel mu 2003 chifukwa chopeza mmene zizindikirozi zingasandukire zithunzi. Phokoso lililonse latsopano ndi kagogodedwe kena, kofufuza chinthu china, ndipo kalikonse kamatenga mphindi ziwiri mpaka zisanu kapena kuposerapo. Zonse pamodzi zimakwana mphindi 20 mpaka 45.

Ntchito ya wodwala ndi imodzi basi, kusasuntha mutu. Kupuma kuli bwino, kuphethira kuli bwino, koma kugwedeza mutu pang'ono pokha kumasokoneza gawo lonselo ndipo amayambiranso. Ngati pakuyabwa kapena chifuwa chikubwera, dikirani phokoso lileke n'kuyankhula. Ine pakati pake ananditulutsa pang'ono n'kundibaya utoto wa MRI, umene ndi wosiyana ndi wa CT. Uwu uli ndi mankhwala otchedwa gadolinium, ndipo ndinangomva kuzizira kukukwera mumkono. Nawonso umafuna impso zogwira ntchito bwino.

Pali nkhani ina imene ndimafuna Mmalawi aliyense wolowa m'makinawa aidziwe. MRI yoyamba m'Malawi inaikidwa mu 2008 pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre, ndipo inabwera kudzera mu kafukufuku wa malungo amene Dr Terrie Taylor wa ku Michigan State University wakhala akuchita ndi anzake kuyambira m'ma 1980. Inali ya mphamvu yochepa, 0.35 tesla, koma inayankha funso limene linazunguza madokotala kwa zaka zambiri: n'chifukwa chiyani ana ena okomoka ndi malungo a mu ubongo amamwalira ngakhale atalandira mankhwala oyenera? Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2015 m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine, ndipo mwa olemba ake munali Dr Karl Seydel ndi Dr Sam Kampondeni, dokotala wa ku Malawi wowerenga zithunzi. Mwa ana 168 amene anajambulidwa, 25 anamwalira, ndipo 21 mwa iwo anali ndi ubongo wotupa kwambiri. Chibade sichitanuka. Ubongo ukatupa umakankhikira pansi n'kufinya tsinde lake, pamene pali malo olamulira kupuma, ndipo mwanayo amasiya kupuma. Mwa ana 143 amene anapulumuka, 39 analinso ndi kutupa kotereku, koma kunaphwa. Dziko lonse lapansi linaphunzira zimenezi kuchokera kwa ana a ku Blantyre ndi madera ozungulira, komanso kwa amayi awo amene anavomera, mwana ali chikomokere, kuti alowe m'makina amene iwo sanawaonepo. M'zaka zaposachedwa chipatala chomwechi chagwiritsanso ntchito MRI yaing'ono ya kampani ya Hyperfine, ya 0.064 tesla, yoyenda pa matayala mpaka pabedi la wodwala ndipo imalumikizidwa pa soketi wamba. Zithunzi zake si zakuthwa ngati za makina aakulu, koma zimafika kwa mwana amene sangasunthidwe pa wodi.

Phokoso litaleka komaliza, bedi linatuluka ndipo ndinadzuka wopanda chilichonse chopweteka, kupatula msana wouma. Ndinayang'ana nkhope ya wojambula uja kufuna kuwerengapo kanthu. "Mwaonamo chiyani, achimwene?" Iye anati zithunzi zatuluka bwino ndipo zotsatira ndikazimva kwa adokotala. Mtima wanga unagwa, poganiza kuti akubisa zoipa. Sanali kubisa. Wojambula ntchito yake ndi kutenga zithunzi zabwino, ndipo sikani imodzi ya mutu imatulutsa zithunzi mazanamazana zimene dokotala wina, wophunzira kuziwerenga, amaziona chimodzichimodzi n'kulemba lipoti. Madokotala oterewa ndi ochepa kwambiri kwathu kuno, choncho kudikira kumatalika. Kwa ine masiku odikirawo anali olemera kuposa mphindi zonse za m'makina. Musanachoke, funsani tsiku limene lipoti lidzatuluke ndi kumene mukalitenge, ndipo ngati zizindikiro zikukula musanalilandire, bwererani kuchipatala osadikira pepala.

Lipoti nalonso lili ndi misampha iwiri. Woyamba ndi wakuti MRI imaona zambiri, kuphatikizapo zimene sizikukhudzana ndi matenda amene munabwerera. Mu kafukufuku wa ku Rotterdam, ku Netherlands, wosindikizidwa mu 2007, anthu 2,000 a zaka 45 kupita m'tsogolo anajambulidwa popanda kudandaula za mutu. Pafupifupi 7 mwa 100 alionse anali ndi zipsera za sitiroko yaing'ono imene sanaidziwe, ndipo pafupifupi awiri mwa 100 anali ndi mtsempha wofufuma. Ena anali ndi zotupa zosakhala khansa. Zambiri mwa zinthu zotere zimangofunika kuziyang'anira. Mawu achingerezi a m'lipoti, munthu akawafufuza yekha pa intaneti pakati pa usiku, amaoneka ngati chiweruzo cha imfa pamene dokotala akanawamasulira m'mphindi zitatu. Msampha wachiwiri ndi wotsutsana ndi woyambawu: sikani yoyera sikutanthauza kuti munthu sakudwala kapena akunama. Anthu ambiri a khunyu ali ndi MRI yabwinobwino, chifukwa vuto lawo lili m'kayendedwe ka magetsi a mu ubongo, kamene kamayezedwa ndi chipangizo china chotchedwa EEG. Matenda a nkhawa, kuvutika maganizo ndi mitundu yambiri ya mutu sizioneka pa chithunzi. Apa ndi pamenenso pali yankho la azakhali anga. Sikani ya kuchipatala imaonetsa maonekedwe a ubongo, monga chithunzi cha nyumba chimaonetsera zipupa ndi denga koma osati zimene anthu akukambirana m'katimo.

Lipoti langa linatuluka patapita masiku 9. Adokotala anatembenuza kompyuta kuti ndione, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona m'kati mwa mutu wanga: mapindikidwe otuwa, timaenje tiwiri ta madzi pakati, maso awiri ngati mazira kutsogolo. Anayendetsa zithunzizo kuchokera pamwamba mpaka pakhosi, n'kunena kuti mulibe chotupa, mulibe magazi, mitsempha ili bwino. Matenda anga anali mutu waching'alang'ala, ndipo chidima cha m'diso chija chinali chizindikiro chake. Anandilembera mankhwala, n'kundiuza kuti ndizilemba masiku amene mutu wabwera, zimene ndinadya ndi mmene ndinagonera. Potuluka anandipatsa chimbale cha zithunzizo n'kunditsina khutu kuti ndisachitaye, chifukwa ndikadzamva mutu wosiyana ndi uwu, wobwera mwadzidzidzi kapena wotsagana ndi kufooka kwa mkono, dokotala wa tsikulo adzafuna kuyerekeza chatsopano ndi chakale. Ndimachisunga m'sutikesi, mu envelopu imodzi ndi filimu ya CT ya amayi.